Katemera Akachepa pa Mliri wa Chimfine, Ayambe Kubayidwa Ndani?

Kumapeto kwa Okutobala 2009, mliri wa chimfine cha H1N1 uli pachimake, anthu a m'chigawo cha Alberta ku Canada ankaima pamizere italiitali kudikira katemera, ena kwa maola angapo, ana ali m'manja. Sabata isanathe katemera anachepa, ndipo malo obayira anatsekedwa kwa masiku angapo. Anthu anadandaula koma anapirira. Mkwiyo weniweni unabuka zitamveka kuti osewera a timu ya masewera a hockey ya Calgary Flames, anyamata athanzi lawo, anabayidwa kwaokha pamodzi ndi mabanja awo, osaponda n'komwe pamzere. Mkulu wina wa zaumoyo m'chigawocho anachotsedwa ntchito pa nkhani imeneyi.

Katemera amene anapita kwa osewerawo anali wochepa, sakanasintha mmene mliri unayendera. Chimene chinaonongeka ndi chikhulupiriro cha munthu amene anauzidwa kuti adikire, iye n'kumvera. Akatswiri akamayerekeza njira zogawira katemera amawerengera kuti ndi iti ingapulumutse miyoyo yambiri, ndipo amachita bwino kutero. Ine ndikufuna kuika muyeso wachiwiri pa njira iliyonse: kodi amene waikidwa kumapeto avomera kukhala kumeneko? Akakana, amakankhana pakhomo, amanamizira matenda amene alibe, amasakasaka wachibale wogwira ntchito kuchipatala, kapena amakhumudwa n'kusabweranso ngakhale nthawi yake itakwana. Ndikaunika zimene zinachitika m'miliri yapitayi, ndimapeza kuti anthu amalandira njira imene chifukwa chake chimaneneka m'mawu ochepa, komanso imene munthu wamba angathe kuona ndi maso ake ngati ikutsatidwa.

Kusowaku sikupeweka

Katemera wambiri wa chimfine amapangidwabe m'mazira a nkhuku. Amatenga dzira limene muli kale kamwanapiye ka masiku 10 kapena 11, kulibowola ndi singano, kuthiramo kachirombo, n'kuliika pofunda masiku awiri kapena atatu kuti kachiromboko kaswane. Kenako amakoka madzi a m'dziramo, kupha kachirombo, kusefa, kuyeza mphamvu yake, n'kuthira m'timabotolo. Dzira limodzi limapereka katemera wa anthu ochepa chabe, choncho pamafunika mazira mamiliyoni ambirimbiri. Kuchokera pamene kachirombo katsopano kadziwika kufika pamene botolo loyamba latuluka m'fakitale pamapita miyezi 5 kapena 6, ndipo mabotolowo amabwera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata.

Mu 2009 kachirombo kanadziwika mu Epulo ku Mexico ndi ku United States. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Juni kuti ndi mliri wa dziko lonse. Ku Britain anayamba kubaya pa 21 Okutobala. Ku United States anayamba kumayambiriro kwa mwezi womwewo, koma katemera anali wochepa kwambiri kuposa amene boma linalonjeza, chifukwa kachiromboko kankaswana mochedwa m'mazira. Nthawi imeneyo n'kuti matendawa atabweranso kachiwiri ndi mphamvu, ndipo thupi nalo limafuna masabata awiri kuti lipange chitetezo munthu akabayidwa. Njira zatsopano zopangira katemera zikhoza kufupikitsa nthawiyi, koma palibe imene ingakwanitse anthu onse m'mwezi umodzi. Kusankha kudzakhalapobe, ndipo poti chakudza sichiimba ng'oma, ndi bwino kukambirana mliri usanafike.

Kuyamba ndi achipatala

Pa njira iyi anthu savuta kugwirizana. Mu Julayi 2009 gulu la akatswiri olangiza WHO pa za katemera, la SAGE, linati dziko lililonse liyambe ndi ogwira ntchito zachipatala, kenako lisankhe lokha ndondomeko ya magulu otsala. Zifukwa zake aliyense amazimva. Namwino akagona, wodi imasowa woiyang'anira, ndipo mayi wobereka ndi wovulala pangozi nawonso amapeza pakhomo palibe munthu. Komanso amene tikumupempha kuti alowe m'chipinda chimene tonse tikuthawa tiyenera kumuteteza poyamba. Gululi n'lochepa, munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse padziko, choncho otsala sachedwa kwambiri chifukwa cha iwo.

Mkangano umayambira pa malire. Woyeretsa m'wodi, wochapa zofunda za odwala ndi woyendetsa ambulansi amapuma mpweya umodzi ndi wodwala, koma amene amalemba kaundula ndi mkulu wa mu ofesi amene sakhudza wodwala. Mu Disembala 2020, pa katemera wa Covid-19, chipatala cha Stanford ku California chinagawa katemera woyamba mwa njira imene inasiya kunja madokotala achinyamata ophunzira ntchito: mwa oposa 1,300, analowa 7 okha, chonsecho iwo ndi amene ankakhala ndi odwala usana ndi usiku. Anachita zionetsero, akuluakulu n'kupepesa. Chofunika kufunsa n'chakuti munthuyu amayandikira wodwala kangati patsiku, udindo wake usalowepo.

Achipatalawo nawonso ali ndi mbali yawo. Ku England mu 2009 achipatala amene anabayitsa sanakwane theka. Ukauzidwa kuti udikire anamwino ayambe, kenako n'kumva kuti anamwinowo akuzemba, umayamba kukayikira katemerayo, ndipo mphekesera zimapeza polowera.

Kuyamba ndi amene angafe msanga

Mtima wa munthu umathamangira kuno, ndipo pambuyo pa achipatala ndi njira imene ndimaikonda kwambiri. Koma ili ndi msampha: amene amafa kwambiri ndi chimfine cha mliri si omwe aja amafa ndi chimfine cha chaka ndi chaka. Pa chimfine chozolowereka ambiri mwa omwalira ndi a zaka 65 kupita m'tsogolo. Mliri wa 1918, umene unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, unasesa kwambiri a zaka 20 mpaka 40, msinkhu wa mphamvu. Pa mliri wa 2009, bungwe loona za matenda la CDC la ku United States linawerengera kuti pafupifupi 80 pa 100 alionse amene anamwalira padziko lonse anali osakwana zaka 65. Achikulire ambiri anatetezeka chifukwa matupi awo anakumanapo ali ana ndi tizirombo tofanana nako timene tinkazungulira chaka cha 1957 chisanafike. Amayi oyembekezera anali munthu mmodzi pa 100 alionse ku United States, koma pa omwalira anali pafupifupi 5 pa 100.

N'chifukwa chake pa 29 Julayi 2009 komiti ya ACIP yolangiza boma la United States pa za katemera inatchula magulu asanu oyamba: amayi oyembekezera, osamalira makanda osakwana miyezi 6 poti makandawo sangabayidwe, achipatala, ana ndi achinyamata a miyezi 6 mpaka zaka 24, ndi a zaka 25 mpaka 64 odwala matenda amgonagona monga mphumu, shuga ndi mtima. Okalamba sanalimo.

Taganizirani agogo a zaka 72 amene chaka chilichonse amauzidwa kuti iwo ndiye oyamba. Afika pakhomo la chipatala ndi ndodo yawo, namwino akuwabweza, pamene mnyamata wa zaka 22, chikwama cha mabuku kumsana, akudutsa kulowa mkati.

"Mwanangu, chaka chatha munati ndisachedwe. Lero ndalakwa chiyani?"

Namwino akangoyankha kuti, "Ndi lamulo, agogo," agogowo abwerera kunyumba ndi mawu amodzi: atitaya chifukwa takalamba. Mawuwo afika kwa ana, kwa adzukulu, kwa anansi. Koma akanena kuti, "Agogo, chimfine cha ulendo uno chikugwetsa achinyamata ndi amayi oyembekezera. Inu thupi lanu linalimbanapo ndi mtundu wake muli mwana. Tsiku lanu lilipo, ndikulemberani pakhadi panu," agogowo akhoza kuvomera, mwinanso kufunsa ngati mdzukulu wawo walembedwa. Yankho lachiwirili limangotenga mphindi imodzi, koma limatheka pokhapokha namwinoyo atafotokozeredwa chifukwa chake ndiponso atapatsidwa tsiku loti alembe pakhadipo.

Magulu asanu aja anakwana anthu pafupifupi 159 miliyoni, kupitirira theka la dziko lonselo. Mndandanda wa oyamba ukameza theka la anthu, ntchito yosankha yangokankhidwira kwa namwino wa pakhomo. Komitiyo inaziona zimenezi, ndipo inakonzeratu kagulu kocheperako ka anthu pafupifupi 42 miliyoni koti kayambe ngati katemera atachepa kwambiri.

Mkati mwa njirayi muli mphambano: kusankha potengera matenda kapena potengera zaka. Matenda amaloza bwino amene ali pachiopsezo, koma amafuna umboni, ndipo umboni amakhala nawo ndi amene anapitapo kuchipatala n'kuyezedwa. Wosauka amene shuga wake sanayezedwepo amaoneka wathanzi m'kaundula. Wochenjera amapeza kalata ya dokotala. Wina amalolera kuphonya katemera kusiyana ndi kutchula nthenda yake pagulu. Ndipo amene waima pamzere sangadziwe ngati mnzake walowa mwachilungamo, popeza matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Zaka zilibe mavuto amenewa. Britain inatsata kwambiri zaka pa katemera wa Covid-19 kuyambira pa 8 Disembala 2020, kuyamba ndi okhala m'nyumba zosamalira okalamba ndi a zaka 80 kupita m'tsogolo, n'kumatsika pang'onopang'ono. Aliyense ankadziwa pamene ali ndi amene ali patsogolo pake, ndipo mpata wokondera unali wochepa. Komabe kumene anthu ambiri alibe chiphaso cha kubadwa, zaka zimakhalanso zongonena pakamwa. Kumene osauka amafa asanafike zaka 70, mzere woyambira kwa okalamba umadzaza ndi opeza bwino. Ndipo pa chimfine mzerewo ukhoza kufunika kuyambira kwa aang'ono, monga 2009 inaonetsera.

Kuyamba ndi ana asukulu kuti matenda asafalikire

Powerengera masamu, njira iyi nthawi zina imaposa zonse. Ana amatenga chimfine msanga, amachifalitsa masiku ambiri, amakhala mothithikana m'kalasi, madzulo n'kuchitengera kunyumba. Japan inayesa zimenezi kwa zaka zambiri: inayamba kubaya ana asukulu mu 1962, inakhwimitsa lamulo mu 1977, inalifewetsa mu 1987, n'kulithetsa mu 1994. Kafukufuku wa Thomas Reichert ndi anzake, wofalitsidwa mu 2001, anawerengera kuti ntchitoyi inkapulumutsa anthu 37,000 mpaka 49,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo okalamba, ndipo kubayako kutasiyidwa imfa zinakweranso. Mu 2009 akatswiri Jan Medlock ndi Alison Galvani anawerengera kuti ku United States katemera akanathandiza kwambiri atapita kwa ana asukulu ndi akuluakulu a zaka 30 mpaka 39, msinkhu wa makolo awo.

Nanga Japan inasiyiranji? Anthu anayamba kukayikira phindu lake, ndipo panali milandu kukhoti yokhudza ana amene makolo awo ankati anavulazidwa ndi katemera. Apa ndi pamene njirayi imafookera. Phindu lake silioneka: gogo amene sanadwale sadziwa kuti anapulumutsidwa ndi mwana wasukulu amene sanamuonepo. Koma choipa chikachitika aliyense amamudziwa mwanayo, kwawo ndi makolo ake. Mu 2010 ku Finland ndi ku Sweden kunapezeka kuti ana ena amene analandira katemera wa H1N1 wotchedwa Pandemrix anadwala narcolepsy, matenda ogwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana amene munthu amakhala nawo moyo wake wonse. Anali ochepa poyerekeza ndi onse obayidwa, koma kholo la mwana wodwalayo silitonthozedwa ndi chiwerengero. Kholo likhoza kulolera chiopsezo chaching'ono pofuna kuteteza mwana wake. Kulolera chomwecho pofuna kuteteza munthu amene silimudziwa kumafuna kuti likhale lokhulupirira boma kwambiri. Nayenso bambo wa mphumu amene wauzidwa kuti adikire ana athanzi abayidwe kaye akupemphedwa kukhulupirira masamu amene sangawaone.

Njirayi imadaliranso nthawi. Imagwira katemera akafika matenda asanafalikire, ana ambiri ndithu n'kubayidwa. Akafika mochedwa ngati mu 2009, moto utadutsa kale m'masukulu, ndi bwino kuthamangira kwa amene angafe.

Pali mfundo inanso yoika achinyamata patsogolo imene siyang'ana za kufalitsa matenda. Mu 2006 akatswiri Ezekiel Emanuel ndi Alan Wertheimer anatsutsa dongosolo la boma la United States la 2005, limene linaika anthu athanzi a zaka 2 mpaka 64 kumapeto. Iwo anati munthu aliyense ayenera kupatsidwa mwayi wodutsa misinkhu yonse ya moyo, choncho pambuyo pa achipatala pabwere a zaka 13 mpaka 40. Mfundoyi ndimaimva, ndipo agogo ambiri mutawafunsa anganene okha kuti, "Mpatseni mdzukuluyo, ine ndaona kale zambiri." Koma kupereka wekha n'kosiyana ndi kulandidwa. Boma likalemba m'lamulo kuti zaka zotsala za wokalamba n'zopepuka, bala lake limakhalapo mliri utatha, ndipo olumala ndi odwala mgonagona amayamba kufunsa ngati otsatira si iwo. Sindingaivomereze ngati maziko a lamulo. Achinyamata akakhala patsogolo, chifukwa chikhale chakuti ndi amene akufa kapena akufalitsa matenda, chinthu chimene ziwerengero za m'zipatala zingasonyeze.

Kuyamba ndi ogwira ntchito zimene dziko silingakhale popanda izo

Apa tikunena za madzi, magetsi, chitetezo, ozimitsa moto, onyamula chakudya ndi mankhwala. Anthu wamba akafunsidwa mofatsa amaikonda njirayi kuposa mmene ambiri angaganizire. Mu 2005 ku United States kunachitika zokambirana ndi nzika, zoyambira ku Atlanta, ndipo atamva mbali zonse anthuwo anaika patsogolo cholinga chakuti ntchito zofunika za dziko zisaime, kenako kuchepetsa imfa. Malangizo a boma a 2008 anatengako maganizo amenewa pamodzi ndi kuteteza ana. Pa mliri woopsa ngati wa 1918 mfundoyi n'njomveka: mipopi ikauma, magetsi a m'chipatala n'kuzima, amafa ndi amene alibe chimfine omwe.

Koma palibe mndandanda umene umatupa msanga ngati uwu. Aliyense ntchito yake ndi yofunika kwa iye, ndipo amene ali ndi mawu pamsonkhano amalowetsamo gulu lake. Umayamba ndi wopopa madzi, n'kukathera kwa mkulu wa kampani.

Ngakhale kakusiyana kakang'ono kamakwana kuononga zinthu. Mu Okutobala 2009 ku Germany kunamveka kuti akuluakulu aboma ndi asilikali awagulira katemera wa Celvapan, pamene anthu wamba alandira Pandemrix, amene anali ndi mankhwala owonjezera mphamvu omwe ambiri ankawaopa. Boma linafotokoza kuti linangotsata mgwirizano wakale ndi kampani ina, ndipo palibe katemera woposa mnzake. Koma anthu anali atamva kale kuti pali katemera wa mabwana ndi wa anthu wamba. Zifukwa zinalipo zinanso, komabe amene anabayitsa m'dzikolo sanakwane 10 pa 100 alionse. Mwezi wotsatira ku New York zinadziwika kuti mabanki a Goldman Sachs ndi Citigroup alandira katemera pamene madokotala ena a ana ankadikirabe. Akuluakulu a zaumoyo anati katemerayo anali wa antchito a m'magulu oyamba okha, monga amayi oyembekezera, ndipo palibe lamulo linaphwanyidwa. Koma mayi amene mwana wake wa mphumu wabwezedwa kawiri sangakhale pansi kumvetsera ndondomeko ya kagawidwe. Wamva kuti banki yalandira, basi.

Nanga atsogoleri? Ana awiri a Barack Obama, pulezidenti wa United States pa nthawiyo, anabayidwa mu Okutobala 2009 katemera atafika kwa ana asukulu a ku Washington, iye n'kudikira mpaka Disembala. Wina angasankhe kubayitsa woyamba pamaso pa makamera kuti achotse anthu mantha, monga anachitira Joko Widodo, pulezidenti wa Indonesia pa nthawiyo, ndi katemera wa Covid-19 mu Januwale 2021. Zonse ziwirizi anthu amazimvetsa. Chimene sakhululuka ndi kubayitsa mobisa: ku Peru ndi ku Argentina nduna za zaumoyo zinatula pansi udindo mu Febuluwale 2021 zitaululika kuti akuluakulu ndi anzawo analandira katemera wa Covid-19 kuseri. Ngati njirayi igwiritsidwe ntchito, mndandanda ukhale waufupi, wolembedwa mliri usanayambe, wotchula munthu amene amagwira makina ndi manja ake, osati kampani yonse.

Wofika msanga, mayere, ndi ndalama

Kubaya aliyense amene wafika kumaoneka kopanda tsankho, ndipo n'kofulumira chifukwa palibe zofunsana pakhomo. Alberta inayamba choncho, kungopempha kuti athanzi apereke mpata, ndipo mizere ija inali zotsatira zake. Pamzere wa maola ambiri amapambana ndi amene ali ndi miyendo yolimba, galimoto, ndi bwana womulola kujomba. Mayi wotsala pang'ono kuchira ndi bambo wodwala mtima amabwerera panjira. Kusonkhanitsa khamu pamalo amodzi mkati mwa mliri wa chimfine nakonso n'kuitana matenda.

Mayere ali ndi malo ake. Mu Okutobala 2004 fakitale yopanga katemera ya kampani ya Chiron ku Liverpool italandidwa chilolezo, United States inataya pafupifupi theka la katemera wake wa chimfine wa chaka chimenecho, ndipo madera ena, monga Montgomery County ku Maryland, anachita mayere pakati pa anthu amene anali kale m'magulu oyenera. Umu ndi mmene mayere amathandizira: gulu mwasankha kale, onse ndi ofanana, katemera sakukwanabe. Akachitikira poyera palibe angati namwino wakondera. Koma kuchita mayere pa dziko lonse n'kutaya zonse zimene tikudziwa za amene ali pangozi, ndipo ambiri zimawapweteka kumva kuti moyo wawo waseweredwa ngati njuga.

Pa zogulitsa kwa wokhoza kulipira sindichedwapo. Palibe woikidwa kumapeto amene angavomere, ndipo katemera amathera kwa amene ali kale ndi zipatala zabwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakati pa mayiko imeneyi ndiyo imalamulira. Mu 2009 mayiko olemera anali atagwiriratu katemera woyamba kudzera m'mapangano ndi makampani. WHO inatumiza katemera wothandizira wokwana 78 miliyoni kumayiko 77, koma anayamba kufika mu 2010, m'madera ambiri mliri utazirala. Indonesia inali itachenjeza kale mu 2007, pamene inasiya kupereka tizirombo ta chimfine cha mbalame cha H5N1 kwa WHO, ponena kuti tiziromboto tikugwiritsidwa ntchito popanga katemera amene anthu ake sangathe kugula. Mkanganowo unabala mgwirizano wa PIP Framework mu 2011, umene umafuna kuti makampani azipatula gawo la katemera wa mliri kuti WHO igawire mayiko osowa. Dziko limene lalandira mochedwa komanso pang'ono limapempha anthu ake kudekha iwo akudziwa kuti kwina athanzi anabayidwa kalekale.

Mmene ndingasanjire ine

Ndikanakhala mmodzi wa osankha, ndikanayamba ndi achipatala amene amakhudza odwala, woyeretsa ndi dokotala mofanana. Kenako amene ziwerengero za masabata oyamba a mliriwo zikusonyeza kuti akugonekedwa ndi kufa kwambiri, ndipo amayi oyembekezera sakanasowamo. Mkati mwa gululi ndikanagwiritsa ntchito zaka ngati muyeso wooneka, matenda ochepa otchulidwa mayina ngati chowonjezera, ndi mayere pamene ofanana achuluka. Kagulu ka ntchito zofunika ndikanakakulitsa kapena kukachepetsa malinga ndi ukali wa mliri. Ana asukulu ndikanawakweza patsogolo pokhapokha katemera atafika matenda asanafalikire, makolo atauzidwa mosabisa kuti mbali ina ya phindu ndi ya anthu ena.

Dongosolo lililonse lidzasintha pakati panjira, chifukwa kachirombo katsopano sikadziwika bwino poyamba. Ndi bwino kuneneratu tsiku loyamba kuti tikaona kuti akufa ndi ena tidzasintha, ndipo tidzakuuzani chifukwa chake. Anthu amene anauzidwiratu amaona kusinthako ngati kusamala. Amene angodzidzimukira amaganiza kuti ananamizidwa.

Kusowa kumasandukanso kuchuluka mofulumira, ndipo okonza mizere amaiwala zimenezi. France inaitanitsa katemera wokwana 94 miliyoni, poganiza kuti aliyense adzafunika kubayidwa kawiri. Pofika Januwale 2010 inathetsa oda ya 50 miliyoni, ndipo amene anabayitsa sanakwane 6 miliyoni, pamene Sweden inabaya pafupifupi 60 pa 100 alionse. Munthu amene wauzidwa mu Okutobala kuti, "Inu mulibe vuto, dikirani," amamva kuti katemera samufunikira, ndipo mukamuitana mu Januwale sabwera. Zoti mumuuze ndi zakuti nthawi yake sinakwane, ndipo ikwana liti.

Mayeso enieni amachitikira patebulo la namwino madzulo. Pandemrix ankabwera m'timabotolo tiwiri tofunika kusakaniza, kupanga katemera wa anthu 10 amene ankayenera kutha pasanathe maola 24. Tiyerekeze kuti nthawi yoweruka yakwana, m'botolo mwatsala wa anthu atatu, ndipo mawa chipatala sichitsegula. Kutaya n'kulakwa, aliyense akudziwa. Namwino atenga foni, ndipo nambala imene ili pafupi ndi ya mchemwali wake. Sanabe kanthu, koma mawa lake nkhani imene imveke ndi yakuti kuchipatala akubaya abale awo. Izi ziyenera kukonzedwa pamodzi ndi mndandanda waukulu uja. Pakhale kaundula wa odikirira, wotengedwa m'gulu lotsatira, wa anthu okhala pafupi amene angafike mu mphindi 30, womatidwa pakhomo ndi manambala m'malo mwa mayina. Katemera akatsala, namwino aimbire amene ali pamwamba, akapanda kuyankha aimbire wachiwiri. Kumapeto kwa sabata pakhomo lomwelo palembedwe kuti analandira mabotolo angati, anabaya anthu angati a gulu lililonse, ndipo katemera wa anthu angati anatayika.